Ekiselo yathunthu, torsion bar kapena makoyilo: ndigule pikapu iti yakale?

Funso: Ndimagula soya, mtedza ndi chimanga m'midzi ya ku Ntchisi ndi ku Dowa n'kumakagulitsa ku Lilongwe. Ndikufuna pikapu yolimba koma yoyendapo kale. Ndapeza zitatu: Land Cruiser 79 ya 2009 yomwe inali ya bungwe, Hilux ya 2003 ya injini ya KZ-TE, ndi Hilux ya 2012 ya injini ya D-4D. Anzanga akuti nditenge Cruiser chifukwa ili ndi ekiselo yathunthu kutsogolo, ndiye imanyamula kuposa zinzake. Kodi n'zoona? Nanga ndikapita kukaziona ndikasuzumire chiyani kunsi?

Yankho: Bambo, anzanuwo sananame kuti Cruiser ndi yolimba kutsogolo. Pomwe aphonya ndi pa nkhani ya katundu. Matumba anu a soya sakhala pa boneti. Amakhala m'bodi, pamwamba pa ekiselo yakumbuyo, ndipo kumbuyoko magalimoto onse atatu mwatchulawa ndi pachibale: ekiselo yathunthu yogona pa masipuling'i a zitsulo zosanjikiza, aja timangoti malifu. Mukasanja matumba mpaka kugeti yakumbuyo, kutsogolo kumachita kupepuka. Mukawerenga kulemera kumene fakitale inaloleza, mupeza kuti Cruiser 79 ndi Hilux, zonse zikakhala za single cab, zili m'dera la tani imodzi. Amenewo ndi matumba a makilogalamu 50 okwana pafupifupi 20, ndipo inuyo ndi mnyamata wokweza katundu mukuwerengedwa momwemo. Ya double cab imanyamula ochepera apo. Ndikudziwa kuti ambiri amapyola malire amenewa, koma chimene chimayamba kulira akatero ndi malifu, matayala ndi mabuleki akumbuyo, osati kutsogolo.

Ndiye funso la kutsogolo si la katundu. Ndi la msewu umene mudzayendemo, komanso la mmene mwini wake woyamba anaisamalira galimotoyo.

Tiyambe ndi Cruiser. Ekiselo yathunthu ndi chitsulo chimodzi champhako chochokera tayala la kumanzere kukafika la kumanja, difu, bokosi la magiya logawira mphamvu ku matayala awiriwo, ili m'mimba mwake. Tayala limodzi likakwera mwala, ekiselo yonse imapendekeka, difu n'kukwera nayo limodzi, tayala linalo n'kukanikizidwira pansi. N'chifukwa chake m'misewu yokumbika ndi ngolo ndi madzi a mvula, momwe mbali ina ndi chitunda ina ndi ngalande, Cruiser imapondabe ndi matayala onse pamene galimoto ina yayimika mwendo m'malere. Komanso mpata wa pakati pa difu ndi nthaka susintha, kaya mwanyamula kaya muli chabe, chifukwa difuyo yakhala pa matayala, osati pa masipuling'i. Mtundu wa 70 unayamba mu 1984, ndipo mapikapu ake oyamba, a 75, anali ndi malifu kutsogolo komwe. Mu 1999 Toyota inatulutsa 79, n'kuika makoyilo, masipuling'i ozungulira aja, kutsogolo. Popeza koyilo siingagwire ekiselo kuti isasunthe, anawonjezera mikono iwiri yaitali yochokera ku chesisi, ma radius arm, ndi ndodo imodzi yopingasa, Panhard rod, yoletsa ekiselo kuyenda chammbali. Ya 2009 mwaionayo ndi yotere. Zitsulo zoyenda n'zochepa, n'zonenepa, ndipo makaniko wa pa trading centre akhoza kuziona zonse atangogwada.

Kulimba kumeneku kuli ndi mtengo wake. Ekiselo, difu ndi matayala ndi chimtolo cholemera chimene chimadumpha chonse pamodzi. Tayala la kumanzere likagwera m'dzenje, la kumanja limamva, chiwongolero chimamva, msana wanu umamvanso. Pa msewu wafumbi uja wochita mizeremizere ngati lata, galimoto yopanda katundu imachita ngati ikufuna kuvina chammbali. Potembenuka imafuna bwalo la mamita oposa 14, zomwe mudzazidziwe bwino tsiku limene mudzalowe nayo mumsika wodzaza. Ndipo kumbukirani kuti mukangofika pa Mponela, ulendo wonse mpaka ku Kanengo ndi phula lokhalokha.

Pa Cruiser yakale, malo amene ndimayambira kuona ndi kumapeto kwa ekiselo, kuseri kwa tayala. Pali chitsulo chobulungira ngati chipanda, pomwe tayala limakhotera. Amakaniko amati knuckle. M'kati mwake muli joini yotchedwa Birfield yomwe imapititsa mphamvu ku tayala ngakhale litakhota, muli mabering'i awiri aang'ono, ina pamwamba ina pansi, omwe timati a kingpin, ndiponso muli girizi wochindikala. Pakati pa girizi ameneyu ndi oyilo wa mu difu pali silu imodzi yaing'ono. Silu imeneyi ikatha, oyilo amalowa mu knuckle, n'kusungunula girizi, zonse n'kusanduka phala lakuda lomwe limachucha pa chipanda chija mpaka kuthimbiriza mkati mwa tayala. Chipanda chabwino chimakhala ndi kagirizi pang'ono kouma ndi fumbi. Chikakhala chonyowa, chodontha, chonunkha ngati mazira owola, dziwani kuti pali ntchito ya tsiku lathunthu: kumasula mbali zonse ziwiri, kusintha masilu, mabering'i ndi timalabala topukuta, n'kumanganso ndi mashimu, tizitsulo topyapyala, oyenera kuti kingpin isathine kapena kugwedera. Si matenda opha galimoto, ndipo zipangizo zake zimagulitsidwa pamodzi ngati kiti, koma ndalama yake ichoke pa mtengo wa wogulitsa, isachoke m'thumba mwanu. Phala limeneli likafika pa mabuleki ndiye yasanduka nkhani ya moyo.

Muli pomwepo, pemphani sipanala mutsegule bawuti yothirira oyilo pa difu yakutsogolo, mulowetse chala. Oyilo akhale pafupi ndi pakamwa. Akakhala kutali, wathawira ku ma knuckle. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, galimotoyo inkawoloka mitsinje ndipo madzi analowa osachotsedwa. Kenako suzumirani pansi pa knuckle, pomwe mkono wa chiwongolero umamangidwa ndi masitadi anayi. Manati ake amamasuka pang'onopang'ono pa misewu yogwedeza. Mukaona limodzi lasowa, kapena pali dzimbiri lofiira longa ufa mozungulira, musayende nayo liwiro galimotoyo mpaka zitakonzedwa, chifukwa masitadi amenewo akaduka tayala silimveranso chiwongolero.

Pali vuto lina limene ndi la magalimoto a ekiselo yathunthu makamaka. Mukuyenda bwinobwino pa 70 kapena 80, tayala lagunda kadzenje, basi chiwongolero chayamba kunjenjemera mwamphamvu kumanzere ndi kumanja, osaleka mpaka mutatsika liwiro kwambiri. Ku America, komwe mapikapu akuluakulu monga Ford F-250, F-350 ndi Ram 2500 a 4x4 ali ndi ekiselo yotereyi, anachita kulipatsa dzina loti death wobble. Gwero lake ndi kugwedera kumene kwaunjikana: mabushi, timalabala ta m'zolumikizira, a Panhard rod, mabering'i a kingpin, ma tie rod end (majoini a kumapeto kwa ndodo zokhotetsa matayala), mabushi a radius arm, kuphatikizapo matayala osabalansidwa. Galimoto imene anaikweza ndi makoyilo aatali osakonza kapendekedwe ka ekiselo, kaja amati caster, imagwidwa msanga ndi matendawa. Chimene chimandipweteka mtima n'choti pali njira yachidule yobisira. Kutsogolo kwa ekiselo kuli shoko yogona chopingasa, steering damper, ndipo yatsopano imaphimba kunjenjemerako kwa kanthawi. Bambo wina anabwera ku galaja kwathu ndi Cruiser yomwe anali atangoigula, yopakidwa utoto wakuda kunsi konse, damper yake ikuwala. Patangotha milungu yochepa inayamba kumugwedeza ali ndi banja lonse m'galimoto. Titaikweza pa jeke tinapeza bushi ya Panhard itatheratu, chitsulo chikugunda chitsulo chinzake. Chikomekome cha nkuyu chija. Kuyambira pamenepo, ndikaona damper yatsopano pa galimoto imene zina zonse n'zakale, ndimafufuza kawiri.

Poti ndatchula za ku America, ndionjezepo ichi, chifukwa chikukhudza mawu a anzanu aja. Kumeneko mkangano umenewu ndi wakale. Ford ndi Ram akugwiritsabe ntchito ekiselo yathunthu pa mapikapu awo akuluakulu aja a 4x4, Ford n'kuchoka pa malifu kupita pa makoyilo mu 2005. Koma General Motors, eni ake a Chevrolet ndi GMC, anayamba kuika kutsogolo kwa mawishiboni (mikono yogwira tayala lililonse palokha) ndi torsion bar (sipuling'i ya ndodo yopotoka) pa mapikapu awo a 4x4 kuyambira 1988, ndipo Silverado 2500HD imakoka makalavani ndi mathirela olemera mofanana ndi anzakewo. Ndiye kutsogolo koyenda tayala lililonse palokha si chizindikiro cha ufooko. Wina akadzakutsatsani imodzi mwa zimphona zimenezi kuno, kumbukirani kuti zambiri chiwongolero chili kumanzere, ndipo sipeya iliyonse mudzachita kuitanitsa kunja galimoto ili pa mitengo.

Ma Hilux anu awiriwo ndi a mtundu umenewu wa tayala lililonse palokha. Difu yamangiriridwa ku chesisi, tayala lililonse lili ndi mikono yakeyake iwiri, wapamwamba ndi wapansi, mawishiboni, ndipo mphamvu imafika ku tayala kudzera pa shafuti ya ma CV joint awiri ovekedwa mabuti a labala. Tayala limodzi likagunda dzenje, linalo silidziwa. Pa phula ndi pa msewu wafumbi wopalidwa, galimoto imagwira msewu bwino, imamvera chiwongolero, ndipo dalaivala amafika osatopa. Kuipa kwake, masipuling'i akafinyika, mimba yonse imatsika pamodzi ndi difu, ndiye m'mikwasa yakuya imakhula pansi. Komanso zolumikizira n'zambiri, chilichonse ndi nthawi yake yotha. Mbiri ija yoti Hilux siifa inamangidwa kwambiri ndi zakale za malifu ndi ekiselo yathunthu kutsogolo, zomwe zinasiya kupangidwa cha m'ma 1997. Zanuzi zinabwera pambuyo pake.

Ya 2003 ilibe koyilo kutsogolo. Sipuling'i yake ndi ndodo yachitsulo yowongoka, yogona motsata chesisi, yomwe imapotoka tayala likakwera n'kubwerera yokha. Imeneyo ndiye torsion bar, ndipo muipezanso pa Nissan Hardbody ndi pa Isuzu KB za 4x4 za zaka zimenezo. Ndodoyo payokha siivuta kawirikawiri. Vuto lili pa bawuti yosinthira yomwe ili kumapeto kwake, chapakati pa galimoto. Ndodo ikafooka ndi ukalamba, mphuno ya galimoto imagwa, ndipo wogulitsa wochenjera amangomanga bawuti ija mpaka galimoto itaima monyadira ngati yatsopano. Akatero tayala limasowa mpata wotsikira. Wishiboni yapamwamba imakhala itatsamira kale pa kalabala koimitsa, ndiye pa bampu iliyonse mumamva kugogoda, galimoto imauma ngati ngolo, ma CV joint amagwira ntchito atapindika kwambiri, mabuti amang'ambika, ma ball joint, majoini obulungira omwe tayala limakhoterapo kumapeto kwa wishiboni, amatha msanga. Gwadani muone ngati pali mpata pakati pa wishiboni ndi kalabalako, muonenso ngati mabawuti a mbali ziwirizo atsala ndi mano ofanana. Imodzi ikamangidwa kwambiri kuposa inzake, akubisa ndodo yofooka kapena chesisi yopindika. Ndodozi zili ndi chizindikiro cha kumanzere ndi kumanja, ndipo sizisinthanitsidwa. Galimoto imeneyi ilinso ndi steering box ndi kamkono kothandizira mbali inayo, idler arm, kamene kamatha msanga pa misewu yathu n'kuchititsa kuti galimoto iziyenda ngati yaledzera. Pa zaka zoposa 20, yembekezani kuti labala aliyense kunsiko wauma, pokhapokha mutaona malisiti.

Ya 2012 ndi ya m'badwo umene unayamba mu 2005. Apa anachotsa torsion bar n'kuika koyilo yovekedwa pa shoko, ndipo chiwongolero chinakhala cha rack, ndodo yamano yogona chopingasa m'malo mwa steering box. Pa zitatuzi, iyi ndiyo yofewa komanso yomvera pa msewu. Zoyang'ana ndi mabuti anayi a CV, chifukwa buti ikang'ambika mchenga umalowa ndipo joini imatha m'masabata ochepa. Mabushi a wishiboni yapansi. Ma rack end, majoini a kumapeto kwa rack ija. Mashoko ngati akuchucha. Ndi mabawuti osinthira alayimenti amene ali pa wishiboni yapansi. Mabawuti amenewa amagwirana ndi bushi chifukwa cha dzimbiri, ndipo akatero alayimenti siitheka mpaka atadulidwa. Galimoto ikamadya matayala mbali imodzi koma mwini wake akuti angoipanga alayimenti, kawirikawiri nkhani imakhala pamenepo.

Koma chimene ndikufuna muchisunge kwambiri pa ma Hilux onse awiri ndi ball joint, makamaka yapansi. Munaonapo galimoto itagwada pamsewu, tayala lakutsogolo litapindikira m'kati ngati mwendo wothyoka? Nthawi zambiri imakhala ball joint yatuluka m'chikho chake. Imachenjeza ndi kugogoda kapena kulira pokhota, koma anthu amazolowera phokosolo. Ndipo pa msika pali masipeya a mitengo itatu kapena inayi ooneka ofanana m'bokosi. Pa nyale kapena galasi mukhoza kugula wotchipa, koma pa ball joint ndi tie rod end gulani weniweni, ndikukupemphani. Apa Cruiser ili ndi mwayi woona, chifukwa tayala lake limakhotera pa mabering'i aja a kingpin, omwe amagwedera kwa nthawi yaitali asanakutayeni.

Tsiku lokaona magalimotowa tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsa, ndiponso jeke, choimikira chachitsulo, tochi, tepi yoyezera ndi chitsulo chochotsera matayala. Musalowe kunsi kwa galimoto yoimikidwa pa jeke yokha. Yambani ili pansi pa malo osalala, injini itazimitsidwa koma chiwongolero chili chosakhoma. Wina azigwedeza chiwongolero uku ndi uku mwachangu, inu mukuunika zolumikizira zonse. Pomwe chitsulo china chikuyenda chinzake chitaima, kapena pakumveka "go, go", pamenepo patha. Pa Cruiser muike diso kumapeto onse awiri a Panhard rod, muunikenso chesisi pomwe pamangidwa steering box ndi pomwe pagwira Panhard, kufuna ming'alu kapena powotcherera. Mukatero ikwezeni. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, muligwedeze. Likagwedera, mnzanu aponde buleki. Kugwedera kukasiya, ndi bering'i ya tayala, nkhani yaing'ono. Kukapitirira, ndi kingpin kapena ball joint. Gwiraninso kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala kuti mumve ma tie rod. Pa Hilux lowetsani chitsulo chija pansi pa tayala, mulitukule pang'ono mukuyang'ana ball joint.

Tepi ija ndi yoyezera kuchokera pakati pa tayala lakutsogolo kukafika pakati pa lakumbuyo, mbali zonse ziwiri, chiwongolero chitawongoka. Miyezo ikasiyana moonekeratu, galimotoyo inagundapo kapena china chinapindika. Yezaninso kuchokera pakati pa tayala kukafika pa mudguard, kuti mudziwe ngati yapendekera mbali imodzi. Matayala nawo sanama. Pa Cruiser, matayala akutsogolo akamatha m'kati mokhamokha pamene kingpin ndi mabering'i zili bwino, ndipo alayimenti ya ma tie rod ili m'malo, kaikirani kuti ekiselo inapindika, ndipo pa ekiselo yathunthu palibe bawuti yokonzera zimenezo. Imafuna kuwongoledwa ndi odziwa kapena kusinthidwa yonse. Wogulitsa akaveka matayala atsopano kutsogolo kokha, pitani mukaone akumbuyo ndi la sipeya, chifukwa odyekawo nthawi zambiri amasamutsidwira kumeneko.

Poiyesa pa msewu musalole kungozungulira pafupi. Ifikitseni pa 80 pa phula, mudutse dala pa kabampu kapena pa chigamba, manja ali chire pa chiwongolero. Pondani buleki mwamphamvu pomwe palibe anthu, muone ngati ikukokera mbali. Kenako pezani bwalo lafumbi, mulowetse 4x4, mukhome mahabu ngati ndi okhoma pamanja, mukhotetse chiwongolero mpaka kumapeto n'kuzungulira pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri. Kulira kwa "ta, ta, ta" ndi CV joint kapena Birfield yotha. Zimenezi musachitire pa phula, chifukwa magalimoto atatu onsewa alibe difu yapakati, ndipo mungamange magiya.

Za Cruiser ya bungwe ndinenepo pang'ono. Zambiri zimakhala ndi buku la sevisi lodzaza bwino, ndipo limenelo ndi chuma, liwerengeni tsamba ndi tsamba muone ngati ma knuckle anatsegulidwapo. Koma zimakhalanso zitayendetsedwa ndi madalaivala ambiri, m'misewu yoipitsitsa, zitasenza bull bar, winch ndi mabatire awiri pamphuno. Kulemera kumeneko kumafooketsa makoyilo. Onani mpata wa pakati pa ekiselo ndi kalabala koimitsa. Ukakhala wochepa, kapena pomwe kalabalako kamagunda pakuwala ngati popukutidwa, makoyilo atopa ndipo ekiselo yakhala ikumenyedwa.

Ndikanakhala inu ndikanayang'ana kalendala ya ntchito yanga. Soya, mtedza ndi chimanga mumagula mvula itatha, kuyambira cha mu Epulo mpaka mu Ogasiti, misewu ya kumidzi itauma, ndipo gawo lalikulu la ulendo uliwonse ndi phula. Pa ntchito yotere ndingatenge Hilux ya 2012, ngati ili ya single cab ndipo yapambana mayeso a pa jeke, n'kupatula ndalama yosinthira ma ball joint, ma rack end ndi mashoko mwezi woyamba kuti ndiyambe ndi kutsogolo kumene ndikukudziwa. Masipeya ake ali ponseponse ndipo amakaniko ambiri anaizolowera. Ya 2003 ndingaitenge pokhapokha mtengo uli wotsika kwambiri moti ndalama yotsala ikwanira kukonzanso kutsogolo konse. Koma ngati mu Disembala ndi Januwale mumalowetsanso feteleza kumidzi ya kumapiri, komwe giredala siifika ndipo mitsinje ina mumawoloka popanda mlatho, Cruiser ndiyo galimoto yanu, ndipo kuuma kwake pa phula mudzakupirira mokondwa. Zikatero kaitsegulitseni ma knuckle onse awiri musanasenze thumba loyamba.

Mukakaziona, mundilembere zimene mwapeza pa zinthu zitatu: mtundu wa oyilo wa mu difu ya Cruiser, mano otsala pa mabawuti a torsion bar a ya 2003, ndi ngati tayala la ya 2012 linasiya kugwedera mnzanu ataponda buleki.